Dzina Lili pa Mndandanda wa Odikira: Wamangidwa Ndani?

Moni inu a ku Highfields, Belgrave, Evington ndi Beaumont Leys muno mu Leicester. Moni a ku Loughborough, Nottingham, Derby, Northampton ndi Lincoln, osaiwala abale amene akutimvera kumudzi kudzera pa intaneti. Amene mwangoweruka ku ntchito ya usiku, pepani ndi kutopa, khalani pansi tikambirane. Pulogalamu ya lero ndi ya makolo amene ana awo akufuna malo ku koleji kapena ku yunivesite, komanso ya ana eni akewo. Tikambirana za kalata ija imabwera yonena kuti sitinakupatseni malo, komabe sitinakukaneni, takuikani pa mndandanda wa odikira, umene kuno amati waiting list. Nthawi zina kalatayo imawonjezera kuti dzina lanu lili m'gulu la oyamba kuganiziridwa malo akapezeka. Kalata yotere ikafika, m'nyumba mumabuka mafunso. Kodi mwana akavomera kukhala pa mndandandawo ndiye kuti wadzimanga, sangapitenso kwina? Nanga sukuluyo yalonjeza kanthu? Yankho langa ndilinena pompano kuti amene angachoke pa wailesi pakati pa pulogalamu apite nalo. Mndandanda wa odikira sumanga munthu aliyense, mwana kapena sukulu. Chimene chimamanga ndi malo amene aperekedwa ndi kulandiridwa, komanso pepala lililonse la ndalama limene mwasaina.

Tiyambe ndi mmene malo a ku yunivesite amapezekera kuno ku England, pakuti n'zosiyana ndi zimene ambiri tinazolowera. Ku Malawi mwana amadikira kuti dzina lituluke. Bungwe la National Council for Higher Education limalengeza osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, ndipo amene wasankhidwa amauzidwa sukulu imodzi ndi maphunziro amodzi. Ngakhale ku Fomu 1, amene sanatuluke ulendo woyamba amatchera khutu ku second selection. Mtima umenewo, woti dzina likalembedwa penapake ndiye kuti boma lakuona, timabwera nawo kuno, ndipo ndi umene umatisokoneza. Kuno mwana amafunsira malo kudzera ku bungwe la UCAS, ndipo amaloledwa kutchula maphunziro osapitirira asanu. Wofuna udokotala amaloledwa kutchula sukulu za udokotala zinayi zokha, ndipo fomu yake iyenera kulowa pofika pa 15 October, pamene ena ambiri amakhala ndi mpata mpaka mu January. Yunivesite iliyonse imayankha payokha. Mwana mmodzi angathe kulandira kalata yomupatsa malo, imene amati offer, kuchokera ku De Montfort, ina ku Nottingham Trent, ina ku Derby, pamene University of Leicester yamukana. Mayankho onse akabwera, mwanayo amasankha malo awiri okha: oyamba, amene amati firm, ndi apadera odzitchinjiriza nawo ngati mayeso sangayende bwino, amene amati insurance. Ena onse amawabweza. Zotsatira za mayeso a A-level zimatuluka Lachinayi lina pakati pa August, ndipo tsiku limenelo ndi pamene zimadziwika ngati mwana wakwanitsa magiredi amene anamupempha.

Tsono mndandanda wa odikira umalowa pati? Yunivesite sidziwa kuti mwa ana onse amene yawapatsa offer, ndi angati adzaisankhe, ndipo mwa amenewo ndi angati adzakhoze. Imangoyerekeza potengera zaka zam'mbuyo. Pa maphunziro ngati a udokotala, boma limaika malire a chiwerengero cha ophunzira, chifukwa aliyense amafunika malo ophunzirira ntchito m'chipatala, monga ku Leicester Royal Infirmary kapena ku Queen's Medical Centre ku Nottingham. Sukulu ikapitirira malire ili m'madzi, ikaperewera yataya ndalama ndi madokotala a mawa. Ndiye imasunga mayina ena pambali, kuti mpata ukaoneka mu August iimbe foni. Mvetsetsani apa, omvera. Mndandandawo sukulu imaupanga pofuna kudzitchinjiriza yokha. Palibe choipa pamenepo, koma ndi bwino kudziwa kuti mwini phindu loyamba ndani.

Tiyeni tsopano ku malamulo, chifukwa ndi kumene kuli umboni wa zimene ndikunenazi. M'chaka cha 1993 khothi la apilo kuno ku England linamva mlandu wa a Moran ndi University College Salford. A Moran anafunsira maphunziro a physiotherapy, ndipo chifukwa cha kulakwitsa kwa mu ofesi anatumiziridwa kalata yowapatsa malo popanda choyembekezera china. Iwo anavomera. Sukulu itazindikira kulakwitsako inawauza kuti malo palibe. Oweruza anaona kuti panali chifukwa champhamvu chonenera kuti mgwirizano unalipo kuyambira pamene a Moran anavomera malowo, pakuti povomerapo anataya mwayi wokafuna malo kwina. Khothi silinakakamize sukulu kuti iwalandire, koma mfundo inakhazikika yoti malo operekedwa ndi kulandiridwa ndi mgwirizano. Mu 2015 bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, la Competition and Markets Authority, linalembera mayunivesite malangizo otsindika zomwezo: wophunzira akavomera offer, pamakhala mgwirizano wotetezedwa ndi malamulo a ogula, ndipo wophunzirayo amakhala ndi masiku 14 oti angasinthe maganizo. Tsono fufuzani m'kalata ya mndandanda wa odikira, muone ngati muli chinthu chimene chaperekedwa choti munthu n'kuvomera. Mulibe. Sukulu yangonena kuti mwina tidzakuitanani. Mwana nayenso akayankha kuti ndisungeni pa mndandanda, wangonena kuti mukadzandiitana ndidzamva zimene mudzanene.

Umboni wachiwiri ambiri mukuukumbukira. Mu 2020, chaka chimene Leicester unakhala mzinda woyamba kutsekedwa pawokha chifukwa cha Covid-19, mayeso a A-level sanalembedwe. Magiredi anawerengetsedwa ndi kompyuta ya bungwe la Ofqual, ana ambiri anatsitsidwa, kunali kulira ndi zionetsero, ndipo patangopita masiku anayi boma linabweza mawu n'kulola magiredi amene aphunzitsi anapereka. Mwadzidzidzi ana ochuluka anapezeka kuti akwanitsa zimene mayunivesite anawapempha, kuposa malo amene analipo. Chaka chotsatira, mu 2021, vutolo linabweranso. University of Exeter inalonjeza mapaundi 10,000 ndi malo ogona aulere kwa ophunzira udokotala amene angalole kudikira chaka chimodzi. University of Leeds inachitanso chimodzimodzi kwa ena a zamalamulo ndi zamabizinesi. Taganizirani, n'chifukwa chiyani yunivesite ingatulutse ndalama zonsezo kupepesa mwana wa zaka 18? N'chifukwa choti inali itamangidwa. Anawo anali ndi malo amene anawalandira, ndipo anakwaniritsa mbali yawo. Amene anali pa mndandanda wa odikira chaka chimenecho panalibe chowapepesera nacho, popeza panalibe chimene analonjezedwa. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi kunaonekera poyera, ndipo kunaonekera m'ndalama.

Ngati mwangotsegula wailesi, tikukambirana za mndandanda wa odikira malo ku sukulu, ndipo mfundo yathu ndi yakuti sumanga mwana, sumanganso sukulu. Tisanamve zimene otsutsa anganene, ndikhudzeko za ana aang'ono, chifukwa makolo ambiri amakumana ndi nkhaniyi koyamba mwana akamapita ku sekondale. Pa 1 March, kapena tsiku la ntchito lotsatira, makhonsolo monga Leicester City Council ndi Leicestershire County Council amauza makolo sukulu imene mwana wapatsidwa. Amene sanapeze sukulu imene amaifuna angathe kukhala pa mndandanda, ndipo malamulo a School Admissions Code amati mndandandawo usungidwe mpaka pa 31 December chaka chimenecho, kapena kupitirira. Koma pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Si mzere wa ku chigayo, kumene wolawirira ndiye amayamba kugayitsa. Lamulo limaletsa kuika ana motsata tsiku limene anafunsira. Dzina latsopano likalowa, mndandanda wonse umakonzedwanso motsata mfundo za sukuluyo, monga kuyandikira kwa nyumba kapena kukhala ndi m'bale pa sukulupo. Choncho mwana amene anali wachitatu sabata ino angathe kukhala wachisanu ndi chiwiri sabata ya mawa popanda wina kumulakwira. Ndipo kulandira sukulu imene mwapatsidwa sikuchotsa mwana pa mndandanda wa sukulu inayo, sikulandanso ufulu wochita apilo. Kholo limene likukana malo ali m'manja poganiza kuti likakamiza khonsolo kupereka sukulu yokondedwayo, limangosiya mwana pakhomo mu September. Kwa omaliza GCSE ofuna malo ku WQE, Gateway College kapena Leicester College, nzeru yake ndi yomweyo: gwirani malo amene mwapatsidwa uku mukudikira enawo.

Tsopano otsutsa. Woyamba anganene kuti, akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndiye inu mukuphunzitsa ana kugwira uku ndi uku? Mwambiwo ndi woona, koma umanena za munthu amene wasiya phanga lina akuthamangira lina, mvula n'kumupeza pakati. Wovumbwa pa nkhani yathuyi ndi mwana amene wabweza malo ake a firm ku De Montfort chifukwa cha kalata yonena kuti mwina, kenako foni ija osabwera. Ndondomeko ya UCAS yokha inapangidwa movomereza kuti munthu akhale ndi pogwira pawiri, n'chifukwa chake pali firm ndi insurance. Kuyambira mu 2019 UCAS inaikanso batani lotchedwa decline my place, limene mwana angathe kudzimasula nalo yekha pa malo amene analandira kuti alowe mu Clearing, msika uja wa malo otsala umene umatsegulidwa kumayambiriro kwa July mpaka mu October. Zikanakhala kuti kusintha maganizo ndi chinyengo, batani limenelo silikanakhalapo. Komatu batani lomwelo ndi loopsa. Mukalidina, malo aja apita, ndipo sukulu ilibe udindo wokubwezerani. Lidinidwe pokhapokha yunivesite yatsopano itanena momveka bwino, makamaka polemba, kuti malo alipo ndipo ndi anu.

Wachiwiri anganene kuti, koma kalata yathu ndi yosiyana, yanena kuti mwana wathu ali pa mndandanda wa oyamba kuganiziridwa, ndiye pamenepo pali lonjezo. Lonjezo lilipo, koma ndi laling'ono kwambiri kuposa mmene khutu la kholo limamvera. Sukulu yalonjeza kuti mpata ukapezeka idzayamba kuyang'ana gulu limenelo. Sinalonjeze kuti mpata udzapezeka. Chaka chimene ana ambiri akhoza bwino, ngati 2021 ija, woyamba pa mndandanda ndi womaliza amafanana, onse sayitanidwa. Apa ndiyenera kuchenjezanso amene ana awo akufunsira ku America, pakuti nkhani zambiri zimene ana amawerenga pa intaneti zimachokera kumeneko. Kumeneko kuli njira yotchedwa Early Decision, imene mwana, kholo ndi mlangizi wa pasukulu amasaina kuti akapatsidwa malo adzapita ndithu ndipo adzachotsa mafomu awo kwina konse. Imeneyo imamanga chifukwa munthu wasaina mawu oterowo. Choncho ngati sukulu iliyonse, ya kuno kapena ya kunja, ikupempha kuti polowa pa mndandanda wake wapadera musaine kuti mukaitanidwa mudzabwera, kapena mulipiretu ndalama, dziwani kuti chimene chingakumangeni ndi siginecha yanuyo ndi ndalamazo. Werengani pepalalo kawiri, ndipo funsani mafunso awiri musanasaine: tikaitanidwa tidzapatsidwa nthawi yaitali bwanji kuti tiyankhe, ndipo tikakana tidzataya chiyani?

Wachitatu ndiye amene ndimamumvera chisoni, chifukwa ali ndi mfundo yolemera. Iye akuti, ngati mwana angathe kuchoka nthawi iliyonse pamene yunivesite siingathe kumuchotsa, kodi sitikupweteka ana anzathu? Malo amene wina wangowagwirizira osawafuna ndi malo amene mwana wa mnansi wake ku Braunstone akuwalirira. Zoonadi. Lamulo silikukakamizani kubweza msanga, koma umunthu ukukufunsani. Kugwira malo chifukwa simunadziwe kumene muthere ndi nzeru. Kuwagwirabe mutadziwa kale kuti mukupita ku Loughborough ndi kuuma mtima, ndipo kukhala chete osayankha makalata a sukulu ndi koipa koposa, chifukwa mu August tsiku limodzi lokha limatha kusintha tsogolo la munthu wina. Mwana akatsimikiza, alembe tsiku lomwelo kuti zikomo, chotsani dzina langa. Mndandanda umayenda chifukwa cha anthu amene amachita zimenezi. Komabe musalole kuti chifundo chimenechi chikuchititseni kubweza malo nthawi isanakwane. Yunivesite inawerengera kale kuti ena adzachoka, ndipo ili ndi antchito, maloya ndi zaka zambiri za kuzolowera. Mwana wanu ali ndi chaka chimodzi chimenechi.

Tafika pa gawo limene mabanja amapsa nalo kwenikweni, la ndalama. Kwa wophunzira amene amalipira ngati mwini dziko, kusiya malo sukulu isanayambe nthawi zambiri sikubweretsa ngongole ya fizi. Ngongole imayamba akalembetsa ndi kuyamba kuphunzira, ndipo m'masukulu ambiri wosiyira m'chigawo choyamba amalipiritsidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a fizi ya chaka. Koma nyumba yogona ndi nkhani ina. Mu Leicester, mu Nottingham ndi mu Lincoln muli nyumba zambiri za ophunzira za makampani ndi malandilodi, ndipo mgwirizano wake umakhala wa miyezi yambiri, nthawi zina pafupifupi chaka chathunthu. Kawirikawiri amafuna munthu woimira mwana, amene amati guarantor, ndipo amene amasaina pamenepo ndinu amayi, ndinu abambo, kapena amalume amene ali ndi ntchito yokhazikika. Mwana akapanda kubwera mumzindamo, lendi imatsata inu. Makampani ena amalola kuthetsa mgwirizano ngati mwana sanapeze malo ku yunivesite, koma chilolezocho chiyenera kukhala cholembedwa, ndipo kawirikawiri chimakhala ndi masiku owerengeka operekera umboni. Nthawi zambiri chimateteza amene magiredi ake aperewera, osati amene wangosintha maganizo chifukwa sukulu ina yamuitana. Kusaina nyumba ku Nottingham mwana ali pa mndandanda chabe wa ku Nottingham ndi kudzimangirira chingwe pamene yunivesite ili yomasuka.

Abale amene muli ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique ndipo mukufuna kudzaphunzira kuno, gawo ili ndi lanu. Viza ya wophunzira imafuna nambala yotchedwa CAS, imene yunivesite imapereka kwa munthu amene yamupatsa malo motsimikiza, ndipo masukulu ambiri amayamba alandira dipoziti. Wokhala pa mndandanda wa odikira sangapatsidwe CAS, ndipo popanda CAS palibe viza. Choncho munthu akakuuzani kuti lipirani ndalama zakuti kuti dzina lanu likwere pamwamba pa mndandanda, funsani ku yunivesite yeniyeniyo kudzera pa adiresi imene ili pa tsamba lake la pa intaneti musanatulutse ngakhale tambala. Musagulitse munda, ng'ombe kapena puloti chifukwa cha kalata yonena kuti mwina. Ndipo inu makolo amene muli kuno pa viza ya ntchito, monga ya kusamalira odwala ndi okalamba, fufuzani msanga ngati mwana wanu adzawerengedwa ngati mwini dziko kapena ngati mlendo pa nkhani ya fizi, chifukwa kukhala kuno zaka zingapo pakokha sikukwanira, mtundu wa chilolezo chanu chokhalira m'dziko umawerengedwanso. Wowerengedwa ngati mlendo amalipira fizi yokwera kwambiri, ndipo dipoziti yake siibwera mwachisawawa. Malamulo obwezera amasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo amalembedwa m'mapepala amene ambiri timangodumpha kuti tifike posaina.

Chinanso choti mudziwe n'chakuti bungwe lomva madandaulo a ophunzira a m'mayunivesite, la Office of the Independent Adjudicator, silimva madandaulo okhudza kusankhidwa kwa ofunsira malo. Amene sanaitanidwe kuchokera pa mndandanda angathe kudandaula ku yunivesite yomweyo ngati akuona kuti ndondomeko yake sinatsatidwe, koma kungosiyidwa pakokha si mlandu.

Nthawi yathu ikutha, omvera. Ndikusiyireni choti mukambirane pakhomo madzulo ano, makolo ndi ana pamodzi. Tulutsani makalata onse amene mwana walandira, muwaike pa tebulo, ndipo pa kalata iliyonse mufunsane kuti, kodi iyi yatipatsa malo kapena yangotiuza kuti tidikire? Kodi pali pepala lina limene tasaina kale lokhudza ndalama? Kodi tsiku la zotsatira mwana adzakhala pafupi ndi foni, ndi nambala yake ya UCAS m'manja? Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa August ndi mwezi umene mabanja ambiri amapita kukaona abale kumudzi, ndipo malo a mu Clearing kapena a pa mndandanda amafuna yankho la msanga, kuchokera kwa mwana mwini wake. Inu achinyamata, musaope kufunsa aphunzitsi anu kapena kuimbira ofesi yolandira ophunzira, ndi ntchito yawo kukuyankhani. Malo amene muli nawo m'manja agwireni mpaka ena atalembedwa m'dzina lanu, ndipo mukatsimikiza kumene mukupita, masulani enawo tsiku lomwelo kuti mnzanu aitanidwe.